Kudzutsa Peugeot Imene Inagona Pansi pa Mtengo wa Mango

Kuseri kwa nyumba zina ku Zomba, ku Chilomoni kapena ku Katoto kuli galimoto imene inaima kalekale. Matayala anaphwa n'kumira m'dothi, udzu unafika m'magalasi, nkhuku nazo zinapeza poikira mazira pampando wakumbuyo. Munthu akatsala pang'ono kupuma pantchito amayamba kuiyang'ana ndi diso lina galimoto yotereyi. Mafunso awa ndi a munthu woteroyo. Zitsanzo zambiri ndi za Peugeot 404 ndi 504 komanso Land Rover zakale, poti ndi zimene zinkalimba m'misewu yathu ya fumbi, ndipo zotsala zake zikupezekabe.

Galimoto yoyenera kuidzutsa ndi ya zaka zingati?

Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limasonkhanitsa magulu a okonda magalimoto akale a m'maiko ambiri, limati galimoto imatchedwa yakale ikakhala ya zaka 30 kapena kuposerapo, yosungidwa monga inapangidwira, komanso yosagwira ntchito za tsiku ndi tsiku. Ku Britain galimoto ikakwanitsa zaka 40, mwini wake akhoza kuilembetsa kuti asamalipire msonkho wa pamsewu. Kumeneko kulinso ulendo wa mwezi wa November uliwonse wochokera ku London kukafika ku Brighton, womwe amalola magalimoto okhawo amene anapangidwa chisanafike chaka cha 1905.

Kwa inu zaka si nkhani kwenikweni. Chofunika n'chakuti galimotoyo ikhale ya nthawi imene kompyuta inali isanalowe mu injini: ya kabuleta, mapoyinti ndi mawaya owerengeka. Yotereyi mukhoza kuimvetsa ndi maso, makutu ndi mphuno, n'kuikonza ndi masipanala okwana m'bokosi limodzi.

Nanga Peugeot ndi Land Rover zili ndi chiyani?

Peugeot 404 inatuluka ku France mu 1960, maonekedwe ake atajambulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Pininfarina. Ku France saluni yake anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991. Mbiri yake inamveka chifukwa cha mpikisano wa East African Safari, umene inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'mabampu momwe magalimoto amphamvu kuiposa ankathyoka miyendo. Mng'ono wake, 504, anabwera mu 1968, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kumupanga mpaka zaka za m'ma 2000 zitayamba kale. Tanthauzo lake kwa inu n'loti zipangizo zake zinamwazika mu Africa monse, ndipo alipobe amakaniko achikulire amene anaphunzirira ntchito pa injini zimenezi.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu April 1948. Zimene mungazipeze kuno kawirikawiri ndi Series IIA, yoyambira mu 1961, ndi Series III, ya pakati pa 1971 ndi 1985. Zinali za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti. Ubwino wake ndi woti pafupifupi chilichonse n'chomanga ndi mabawuti, ndipo ku Britain akupangabe zipangizo zake zatsopano, mpaka chesisi yathunthu. Kuipa kwake n'koti imamwa petulo mosaumira, imachedwa, ndipo chiwongolero chake chimafuna mapewa. Ngati msana unayamba kale kukuvutani, yesani kuyendetsa ya mnzanu kwa ola limodzi musanaikonde.

Volkswagen Beetle nayonso n'njabwino kwa wongoyamba. Ku Uitenhage, ku South Africa, anaipanga kuyambira 1951 mpaka 1979, yomaliza padziko lonse inatuluka ku Puebla, ku Mexico, mu July 2003, ndipo injini yake yozizira ndi mpweya ilibe redieta yoti ikuvutitseni.

Ndikapita kukaiona, ndiyambe ndi kumvera injini?

Ayi. Injini ndi imene wogulitsa amafuna kuti muone, koma ndi chinthu chokonzeka. Chimene chimapha galimoto yakale ndi dzimbiri. Tengani tochi, sikuludiraiva, kanyundo, maginito ndi thumba loyala pansi, ndipo valani zovala zoti mugone nazo m'fumbi.

Saluni ya 404 kapena 504 ilibe chesisi yapayokha. Bodiyo ndiyo mafupa ake. Kwezani makapeti muone pansi popondera. Bayani ndi sikuludiraiva m'munsi mwa zitseko, pamene amaikapo jeke, pansi pa buti, pozungulira galasi lakutsogolo, ndi mkati mwa boneti pamwamba pomwe mashoko akutsogolo amangiridwa. Chitsulo chabwino chimakana. Chowola chimalowa, n'kugwetsa timakoko tofiira. Malo amene mashoko amangiridwa akawola, ndiye kuti galimotoyo yathyoka msana, ndipo kuikonza pamafunika mmisiri wodziwadi kuwotcherera, osati wa mageti ndi mawindo.

Maginito ndi oti akuuzeni zimene penti ikubisa. Ayendetseni pa zitseko ndi pamapiko: pomwe akukana kumata, pansi pake pali fila wochindikala amene wina anamata pobisa bowo kapena ngozi. Pa Land Rover maginitowo sakuthandizani, chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu. Kumeneko gonani pansi mumenye chesisi ndi kanyundo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka mtanda wakumbuyo kwenikweni ndi timikono totuluka m'mbali. Yabwino imalira ngwee, yowola imangoti phu. Onaninso chipupa chachitsulo cha pakati pa injini ndi miyendo ya woyendetsa. Pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo mukapezapo ufa woyera, dziwani kuti padyeka.

Tili ndi mwayi umodzi: kuno sathira mchere m'misewu monga amachitira ku Ulaya nthawi ya chisanu, choncho galimoto imene inasungidwa pansi pa denga imakhala yolimba modabwitsa. Imene inagona pansi pa mtengo ndi nkhani ina. Masamba amatseka timabowo totulutsa madzi, malabala a m'magalasi amauma n'kung'ambika, mvula imalowa, kapeti imasunga chinyontho chaka ndi chaka. Komanso magalimoto athu anasenza katundu woposa msinkhu wake, ndiye funafunani ming'alu ndi zigamba zowotcherera mwachangu.

Pomaliza werengani zosowa. Galimoto yoima nthawi yaitali imatha pang'onopang'ono osaona wakuba: masipuling'i anapita kwa osula nkhwangwa, za aluminiyamu zinasungunulidwa kukhala mapoto, nyali ina inabwerekedwa ndi mlamu. Mapisitoni mukhoza kuwapeza. Chovuta ndi tizinthu tating'ono: zogwirira zitseko, magalasi a nyali zakumbuyo, mawotchi a pa dashibodi, timizere tonyezimira ta m'mbali. Gulani galimoto yathunthu ngakhale ikhale yodula, kusiyana ndi yotchipa imene theka lake akuti lili m'matumba kwa achimwene.

Mwini wake akuti bulu buku inasowa. Ndigulebe?

Musapereke ndalama mpaka nkhani ya mapepala itayera. Pukutani nambala ya chesisi ndi ya injini, muziwerenge nokha, muzifananitse ndi zolembedwa, kenako mupite limodzi ndi wogulitsayo ku Road Traffic mukamve ngati galimotoyo ikupezeka m'kaundula wawo ndiponso zimene zikufunika kuti isinthe dzina. Ngati injini inasinthidwa, zimenezo zikonzedwe m'mapepala. Ya nambala yakunja ili ndi nkhani inanso ndi a MRA.

Magalimoto ambiri otere ndi chuma cha masiye. Bambo anamwalira, galimoto inatsala, ndipo amene akukugulitsaniyo ndi mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapereka mphamvu kwa amene anasankhidwa mwalamulo kuyendetsa chumacho, osati kwa amene akusunga makiyi. Abale amene anakhala chete galimoto ili m'udzu amakumbukira msanga kuti inali ya bambo awo akaiona ikuwala.

Zidya ndalama zingati? Ndingagwiritse ntchito za penshoni?

Palibe angakuuzeni mtengo woona asanatsegule, ndipo amene angakuuzeni akungofuna kukusangalatsani. Chimene chimadziwika n'chakuti mtengo wogulira galimoto ndi wochepa kwambiri pa zonse zimene mudzawononge. Zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti imene munthu analemba ndi pensulo chaka chimodzi inakhala yopanda ntchito chaka chotsatira.

Ndalama zotuluka kamodzi popuma pantchito musazikhudze. Zimenezo n'zamankhwala, za denga, za fizi ya adzukulu. Patulani kandalama ka mwezi ndi mwezi kamene kakatha simudandaula, ndipo galimoto iziyenda pa liwiro la kandalamako. Mwezi wopanda ndalama ntchito ilipobe: kupala dzimbiri, kutsuka mabawuti m'palafini, kulondola mawaya.

Wina akakuuzani kuti mudzagulitsa ndi phindu, musekereni. Magalimoto amene amagulidwa ndalama zochititsa mantha kumisika ya ku Ulaya ndi ochepa, osowa, a mbiri yolembedwa. 404 yanu anaipanga yoposa 2 miliyoni. Mukadzawerengera zipangizo ndi masiku anu, wogula sadzakubwezerani. Malipiro ake ndi ena: kudzuka m'mawa muli ndi chochita chofuna mutu ndi manja, pamene anzanu ena akungosuntha mpando kulondola mthunzi.

Yafika pakhomo. Ndiyambe kuphwasula zonse kuti ndiimange mwatsopano?

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kumasula n'kokoma ndipo sikulira ndalama. Sabata ziwiri zokha galimoto imasanduka mulu: zitseko zatsamira khoma, mipando ili pakhonde, magalasi ali pansi pa bedi, mabawuti ali m'zitini za penti. Kenako kumabwera maliro kumudzi, mvula imayamba, ndalama imachedwa. Pofika chaka chamawa simukukumbukiranso kuti kachitsulo kopindika aka kanachokera pati, ana anatenga mabeling'i kukapangira ngolo, ndipo mtima uja unazizira. Magalimoto akale ambiri amene amathera kwa ogula zitsulo anaphwasulidwa ndi anthu amene ankawakonda.

Njira imene ndimaikhulupirira n'njoti galimoto ikhalebe galimoto nthawi yonse. Isambitseni, muchotse zisa za makoswe ndi mavu, muyang'ane njoka musanapise dzanja pansi pa mpando. Kenako tsatani dongosolo ili: iime, ikhote, ilire, iwale. Mabuleki poyamba, chiwongolero ndi miyendo kachiwiri, injini ndi magetsi kachitatu, kukongola pamapeto. Gwirani chigawo chimodzi, muchimalize, muchibwezere pamalo pake musanatsegule china. Mukatero mwezi uliwonse pamakhala kanthu koti muloze kuti aka katheka, ndipo matenda kapena mavuto akakuimitsani, chotsala pabwalo ndi galimoto yoti wina akhoza kupitiriza kapena kugula.

Foni yanu ikhale chida choyamba. Jambulani musanamasule, jambulani muli pakati, jambulani mbali imene waya wadutsa. Mabawuti a chinthu chimodzi alowe m'kajumbo kamodzi ndi kapepala kolemba dzina. Mabuleki masulani mbali imodzi yokha, inayo ikhale chitsanzo. Chakale musataye mpaka chatsopano chitalowa n'kugwira ntchito. Ndipo pezani buku la makaniko la galimoto yanuyo, kaya la kampani kaya la Haynes, ngakhale lofotokopa.

Kuphwasula mpaka kusiya bodi yokha kuli ndi malo ake: ngati pansi ponse panawola, kapena chesisi ya Land Rover ikufunika kusintha. Koma zimenezo zimafuna shedi yotseka, simenti pansi, ndi ndalama zokhala kale m'manja.

Injini yagona zaka zambiri. Ndingoika batire n'kuyesa?

Lezani mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Maling'i akhoza kukhala atamatirira ndi dzimbiri, ndipo sitata ikawakakamiza amathyoka n'kukanda masilinda. Chotsani mapulagi, muthire oyilo pang'ono wosakaniza ndi dizilo m'bowo lililonse, musiye masiku angapo. Kenako zunguzani injini ndi dzanja, ndi sipanala pa pule yakutsogolo, kapena ndi chipukuso chake ngati ndi Land Rover. Ikakana, onjezerani mafuta mudikirenso. Musaikoke ndi thirakitala ili m'giya.

Ikazungulira, khetsani oyilo wakale mumuyang'ane bwino. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu oyilo. Thirani watsopano ndi fyuluta yake, muzunguze ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka nyali ya oyilo itazima. Petulo wa m'thanki musamukhulupirire. Anasanduka phula lonunkha, ndipo pansi pake pali dzimbiri. Poyesa koyamba kabuleta imwe kuchokera m'kachigubu koyera, chozimitsira moto chili pafupi. Palani mapoyinti, muike mpata wake monga buku likunenera, umene nthawi zambiri umakhala pafupifupi 0.4 mm, muone ngati moto ukufika ku mapulagi.

Peugeot ili ndi misampha iwiri imene makaniko wachinyamata sangaidziwe. Woyamba: mapisitoni ake amayenda m'masilivi ochotseka, timigolo tachitsulo tozunguliridwa ndi madzi. N'zabwino, chifukwa injini yotha mumangoigulira masilivi ndi mapisitoni atsopano popanda kuboola. Koma mukachotsa silinda hedi n'kuzunguza injini musanapanikize masiliviwo, amanyamuka, chomatira cha pansi pake chimatseguka, ndipo madzi amatsikira mu oyilo. Wachiwiri: ma 404 ambiri a saluni ali ndi difu ya mtundu wina, ya gudumu la mano lamkuwa, imene imafuna oyilo wakewake. Mukathira aliyense wa magiya, kapena kusakaniza ndi wakale, mukhoza kuiwononga. Onani buku musanatsegule botolo.

Pa magalimoto a ku Britain a zaka zisanafike 1967 kapena chapomwepo, onani kaye mbali ya batire imene imapita ku bodi. Ambiri anali a pulasi ku bodi, mosiyana ndi a lero. Ndipo waya aliyense amene wina analumikiza pongopota n'kukulunga pulasitiki ya shuga, musinthe. Magalimoto akale amapsa ndi mawaya otere.

Petulo wa masiku ano ndi yemweyo amene injinizi zinapangidwira?

Si yemweyo, ndipo kusiyana kuli pawiri. Kale petulo ankathiramo mtovu, umene unkateteza pokhalira mavavu. Maiko a kumwera kwa Sahara anausiya pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linausiya mu 2021. Zinali zoyenera, poti mtovu ndi poizoni makamaka kwa ana. Injini za hedi ya aluminiyamu, monga za Peugeot ndi Beetle, zili ndi pokhalira mavavu pochita kuikamo ndipo kawirikawiri sizidandaula. Za hedi yachitsulo, monga Land Rover ya malita 2.25 ndi Morris Minor, zimadyeka pang'onopang'ono zikamathamangitsidwa mtunda wautali zitasenza. Ngati n'kongopita kutchalitchi ndi kumsika musade nkhawa. Tsiku limene hedi idzatsike, mudzaiikitse pokhalira mavavu polimba.

Kwachiwiri n'kwathu kuno. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira popanga shuga, ndipo pambuyo pake fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amafewetsa ndi kung'amba malabala akale, amakoka chinyontho, ndipo amasungunula litsiro la m'thanki n'kulitumiza ku kabuleta. Sinthani mapaipi onse a labala a petulo ndi oyenera mafuta a lero, musinthenso kachikopa ka mu pampu, muike fyuluta yoonekera mkati. Galimoto isamakhale miyezi ndi petulo wochepa m'thanki. Kuiyendetsa sabata iliyonse kumaisunga bwino kuposa kuifunditsa lona.

Masipeya ndiwapeza kuti?

Yambani ndi miyendo yanu. Ku Ndirande, ku Malangalanga, m'magalaja akale a m'matauni ang'onoang'ono, nthawi zina kuseri kwa shelefu kumatuluka kabokosi kafumbi kamene kadikira zaka makumi atatu. Pitani ndi chakalecho m'manja. Mabeling'i, masilo ndi malamba ambiri ali ndi nambala kapena muyeso wofanana ndi wa magalimoto ena, ndiye musafunse kuti "muli ndi ya 404?" koma muonetse nambalayo. Ogwira ntchito pa makina osema zitsulo akhoza kukupangirani mabushi ndi mapini. Zimene sindingalole kuti zikhale zosula kapena zakale ndi za mabuleki ndi za chiwongolero.

Ngati malo alipo ndipo mayi akunyumba alola, galimoto yachiwiri yowola ya mtundu womwewo ndi sitolo yabwino kuposa zonse.

Zakunja, ya Land Rover funani ku Britain ndi ku South Africa. Ya Peugeot ku South Africa, ku Kenya ndi ku France. Samalani ndi za ku France: kumeneko chiwongolero chili kumanzere, choncho nyali zakutsogolo ndi zina za chiwongolero sizigwirizana ndi yanu. Mwana kapena mphwanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds akhoza kukunyamulirani tating'ono, koma mutumizireni nambala ya chipangizo ndi chithunzi, osati dzina lokha. Sonkhanitsani zofuna zambiri muitanitse kamodzi, ndipo muwerengeretu msonkho. Masipanala nawo amasiyana: Peugeot ndi ya mamilimita, pamene Land Rover yakale inasakaniza miyeso ya mainchesi ingapo, kuphatikizapo ya Whitworth. Sipanala ya 13 ikamalowa molobodoka, siyani musanabulungize mutu wa bawuti.

Makaniko wina akuti tingoikamo injini ya Toyota. Pali cholakwika?

Galimoto ndi yanu, ndipo magalimoto ambiri apulumuka motero. Koma ngati injini yake ilipo ndipo n'njokonzeka, ikonzeni. Kalilidwe kake ndi giya ya pachiwongolero ndi zimene zimapangitsa 404 kukhala 404. Zosintha zimene ndingavomere ndi zosaoneka ndiponso zobwezereka: malamba a pampando, mafyuzi owonjezera, olitaneta m'malo mwa dayinamo. Chilichonse chimene mwachotsa chisungeni.

Ndine mphunzitsi wopuma, sindinagwirepo sipanala. Ndingathe?

Zambiri mungathe, chifukwa zimafuna kuwerenga, kudekha ndi ukhondo kuposa mphamvu. Kutsuka kabuleta, kusintha oyilo, kulondola magetsi ndi kababu koyesera, kupala ndi kupaka mankhwala a dzimbiri, zonsezi n'zanu. Kuwotcherera pa mafupa a galimoto, kugaya kirankishafuti, kusema hedi ndi kutsegula giyabokosi perekani kwa eni ntchito. Pezani makaniko wachikulire amene anazigwirapo, muzimuitanira kunyumba kwanu n'kumulipira pa ntchito imene yatha. Galimoto yakale ikapita kugalaja imakankhidwira kumapeto kwa mpanda, poti minibasi zolipira lero zili patsogolo, ndipo ikakhalitsa imayamba kubwereketsa ziwalo.

Thupi lanu lilinso ndi zaka, ndiye mverani izi. Musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika osachenjeza. Gulani masitandi achitsulo, muwaike pa simenti, mutchinge matayala. Fumbi la mabuleki akale likhoza kukhala ndi asibesitosi: musaliuzire, linyowetseni n'kupukuta. Penti yakale ikhoza kukhala ndi mtovu, choncho poipala valani chotchinga mphuno ndipo adzukulu atalikire. Thanki ya petulo, ngakhale youma zaka zambiri, isayandikire moto wa wowotcherera. Injini musailize m'shedi yotseka. Ndipo pogona pansi pa galimoto, pakhomo pakhale munthu wodziwa kuti muli pamenepo.

Penti ndipaka liti? Anthu akundiseka ndi mmene ikuonekera.

Asekeni nawo. Penti ndi yomaliza, galimoto itayenda kale miyezi ingapo, zitseko zikutsekeka bwino, zotayikira zonse zitaleka. Mukafulumira mudzaikanda potsitsa injini, kapena mafuta a mabuleki adzaisupula. Kuwala kwake kumachokera pa kukonza pansi: dzimbiri lichotsedwe mpaka chitsulo choyera, bowo lidulidwe n'kuikapo chigamba chachitsulo, fila akhale wopyapyala. Owongola bodi akafuna kumata fila pamwamba pa dzimbiri, kanani. Mvula imodzi yokha matuza amatuluka. Poperani nthawi yopanda mvula, pamalo opanda fumbi. Penti zamakono zosakaniza ndi chowumitsira zili ndi mankhwala owononga mapapo, ndipo kansalu kapakamwa sikathandiza, ndiye zisiyireni odziwa.

Ganiziraninso ngati ikufunikadi penti yatsopano. Ngati yoyambirira ikadalipo, yongofwifwa, yesani kuipukuta ndi polishi kaye. Osunga magalimoto akale ambiri masiku ano amalemekeza yotere kuposa yonyezimira kumene.

Akunyumba sakusangalala nazo. Nditani?

Ali ndi zifukwa. Akuona ndalama zikulowa m'chitsulo, oyilo pakhonde, ndi beseni lawo lochapira lili ndi mabawuti. Auzeni poyera kandalama ka pamwezi ndipo musadumphe malire. Gulani beseni lanu. Mdzukulu wokonda kufunsa mumupatse tochi agwire. Manja ake ang'onoang'ono amafika kuseri kwa dashibodi kumene anu safika. Achibale adziwitsenitu kuti iyi si yonyamulira chimanga kapena anthu a pamaliro. Mukadzafuna kuichititsa hayala pa maukwati, kambiranani kaye ndi a inshuwalansi, chifukwa ya galimoto yapakhomo siikhudza malonda.

Ndidziwa bwanji kuti yakonzeka kulowa mumsewu?

COF ndi inshuwalansi n'zofunika, koma muyeso wanu ukhale wokhwima kuposa wa woyeza. Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1960 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki: paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi amasiya kugwira. Choncho mapaipi a labala onse akhale atsopano, achitsulo adzimbiri asinthidwe, masilinda asamadonthe, mafuta akhale atsopano popeza amayamwa madzi akakhalitsa, ndipo handibuleki igwire pamtunda. Pondani buleki mwamphamvu kwa theka la mphindi galimoto itaima. Ikamatsika pang'onopang'ono, simunathe.

Matayala musawaone mapanga okha. Pambali pake pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopanda manambala anayiwo, kapena la ming'alu m'mbali, litayeni ngakhale lioneke losagwira ntchito.

Ulendo woyamba ukhale wozungulira mudzi wanu, m'mawa, wina akukutsatirani ndi chingwe. Imani pakapita mphindi khumi, mutsegule boneti, mununkhize petulo, muyang'ane pansi, mukhudze malimu onse anayi. Lotentha kuposa anzake buleki yake ikugwira yokha. Pobwera limbitsaninso manati a matayala. Kenako onjezerani mtunda sabata ndi sabata, muli ndi madzi, fanibeluti, mapoyinti ndi kondensa zapadera m'buti. Siyani mpata waukulu kutsogolo, chifukwa minibasi imene ili patsogolo panu imaima msanga kuposa inu, ndipo siichenjeza. Zitunda zazitali monga za ku Zomba Plateau, Golomoti kapena Chiweta zidikire mpaka mutaidziwa bwino, ndipo potsika muzitsika ndi giya yomwe munakwera nayo, poti mabuleki a madiramu akatentha amaleka kugwira.